Mitembo ikuyenda pa kanema, Karonga akufa ndi phwete

Mu Okutobala ku Karonga dzuwa limaswa mtengo kungoyambira m'mawa. Ikamakwana nthawi ya nkhomaliro mbuzi zimakhala zitakanirira pansi pa mitengo ya mango, ndipo anyamata a kabaza amangoyang'ana msewu ali pamthunzi, mphamvu yoitanira yatha. Koma nthawi yomweyo mukazungulira kuseri kwa msika, kumene sipika ikulira panja ngati kuli msonkhano, mupeza anthu atapanikizana pa mabenchi m'kanyumba ka malata kopanda zenera, thukuta lili kamukamu, maso onse ali pa kanema.

Tsiku lina ndinalowa m'vidiyo shoo yotere. Filimu imene inkaonetsedwa inali yakale kuposa aliyense amene ndinakhala naye pa benchi. Zithunzi zake zinali zofuwa, mawu ankachita kukanda m'khutu. Mitembo yovala mikanjo ya nduna zakale za ku China inkadumpha miyendo ili pamodzi, manja itawongolera kutsogolo, kapepala kachikasu kakulendewera pamphumi. Chimene chinandigwira mtima sichinali mitemboyo, koma anthu oonera. Ankayamba kuseka choseketsacho chisanafike. Mnyamata amene anakhala kutsogolo kwanga anagwedeza mnzake paphewa n'kunena kuti, "Aise, tcheru, wampunga uja wafika." Ndiye kuti anaionerapo kambirimbiri. Ankadziwa zonse zimene zichitike, komabe analipira pakhomo kuti adzasekenso.

Filimuyo inali Mr. Vampire, imene inatuluka ku Hong Kong mu 1985. Anaitsogolera ndi Ricky Lau, mwini ntchito anali Sammo Hung, ndipo sing'anga wa nsidze zolumikizana amene amalimbana ndi mitemboyo anali Lam Ching-ying. Wampunga amene mnyamata uja ankamudikira amaoneka kanthawi kochepa chabe. Wophunzira wina wa sing'angayo wavulazidwa ndi mtembo, ululu ukufalikira m'thupi, ndipo akapanda kuthandizidwa msanga nayenso asanduka. Mankhwala ake ndi mpunga womata. Sing'anga akutuma wophunzira wachiwiri kuti akagule. Kusitoloko mwini mpunga akuuza mwana wake kuti asakanize womatawo ndi mpunga wamba. Moyo wa munthu uli pachiswe, wamalonda akuganiza za phindu.

Pamenepo nyumba yonse inagwedezeka ndi phwete, ndipo sindinafunikire munthu wondiuza chifukwa chake. Kuno ndi kwawo kwa mpunga wa Kilombero. Amene anakulira pafupi ndi masikimu a Hara, Wovwe kapena Lufilya amadziwa mmene mayi wogula amapisira dzanja mpaka pansi pa thumba, n'kununkhiza, n'kuluma kambewu kamodzi, chifukwa fungo lokoma limakonda kukhala pamwamba pokha. Anthu aja sankaseka mtembo wa ku China. Ankaseka munthu amene amamudziwa, amene mwina anagulako mpunga dzulo lake.

Kuchokera tsiku limenelo funso lakhala likundizungulira m'mutu. Mafilimu ambiri a nthabwala amasukuluka msanga ngati ndiwo zogonera. Oopseza nawonso ukangodziwa pamene chilombo chitulukire, mantha amatha. Nanga awa osakaniza ziwirizi, maliro ndi phwete, amakhalitsa bwanji chonchi, mpaka kuseketsa ana a anthu amene anawaonera ali anyamata?

Choyamba n'chakuti mitembo yodumphayi sinachokere m'mutu mwa wolemba filimu. Ku China, makamaka m'dera la Xiangxi, muli nkhani zakale za anthu amene ntchito yawo inali kubweza kwawo matupi a anthu ofera kutali. Amati ankayenda usiku, akuliza belu kuti anthu apatuke, matupi atawamangirira pa nsungwi zazitali zonyamula paphewa. Nsungwi zikamanyutuka, woonera patali ankaona ngati akufawo akudumpha okha. Pansi pa nthabwala yonseyo pali chinthu chimene ife timachimvetsa popanda womasulira: munthu ayenera kukagona kwawo. Ndani mwa ife sanaponyepo kangachepe m'mbale kuti thupi la m'bale wofera ku Joni lifike kumudzi? Galimoto imayenda masiku, kudutsa malire angapo, kukwera msewu wa M1 mpaka kutsika phiri la Chiweta, n'cholinga choti munthu aikidwe pafupi ndi makolo ake. Filimu imene yamangidwa pa maziko otero sigwa msanga.

Anthu a ku Hong Kong anafika mpaka pobweretsa mtembo wawo ku Africa. Mu 1991 anatulutsa Crazy Safari, mmene Lam Ching-ying yemweyo akuperekeza thupi la kholo lina kuchokera ku England kubwerera kwawo, ndege n'kuvuta m'njira, onse n'kutsikira m'chipululu. Amene akutola mtembowo ndi N!xau, mlimi wa ku Namibia amene dziko linamudziwa mu The Gods Must Be Crazy ya 1980. Iye mantha alibe. Atazindikira kuti mtembowo umatsatira belu, akuuyesa mnzake wothandiza pamudzi. Ndiyenera kunena kuti mafilimu amenewa ali ndi chilema chimene sindichikonda: amaonetsa anthu a mtundu wa San ngati ana osadziwa kanthu, ndipo munthu wa ku Africa woonera ali ndi ufulu wokhumudwa nazo. Komabe taonani amene akupusa m'nkhaniyo. Alendo ophunzira ndi amene akuthamangitsidwa ndi nyama, mwini dziko ali phee. Lam Ching-ying anamwalira mu 1997, N!xau mu 2003. Awiriwa anapita, koma mtembo umene ankakanganirana ukudumphabe m'mafoni a ana a ku Uliwa ndi ku Kaporo.

Pali dzanja linanso limene limatalikitsa moyo wa mafilimu otere kwathu kuno, ndilo la omasulira. Anyamata amene amalowetsa mawu a Chichewa pamwamba pa filimu satsatira liwu ndi liwu. Amapatsa anthu a m'filimu mayina a kwathu, mzinda wa kutali amausandutsa tauni imene tonse tikuidziwa, ndipo pamene mwini filimu anasiya chete iwo amaponyapo mawu awo. Ku Karonga, chifukwa cha kuyandikira kwa malire a Songwe, amafikanso ena omasuliridwa m'Chiswahili. Motero filimu imodzi imabadwa kawiri kapena katatu. Munthu amapita kumalo obenera ndi memori khadi yake, n'kufunsa osati dzina la filimu lokha, komanso amene anaimasulira.

Koma filimu imene inandiyankha funso langa bwinobwino ndi ina, ndipo sindinaionere m'vidiyo shoo. Tinaionera pakhonde usiku wina magetsi atazima, pa laputopu, ine ndi ana a mlongo wanga, udzudzu ukulira m'makutu. Dzina lake ndi Shaun of the Dead. Inatuluka ku Britain mu Epulo 2004. Anaitsogolera ndi Edgar Wright, ndipo anailemba limodzi ndi Simon Pegg, amenenso ndi Shaun m'filimumo. Inadya ndalama pafupifupi madola 6 miliyoni, zochepa kwambiri poyerekeza ndi mafilimu a ku Hollywood, koma inabweza kangapo. Mu 2024, itakwanitsa zaka 20, anaibwezeranso m'nyumba zoonetsera kanema ndipo anthu anapitanso.

Shaun ndi mnyamata wa zaka 29 wogulitsa m'sitolo ya zipangizo zamagetsi ku London. Si woipa mtima, kungoti moyo wake unaima malo amodzi ngati madzi a pachithaphwi. Madzulo alionse amapita kumalo omwera amodzimodzi otchedwa Winchester, ndi mnzake yemweyo, Ed, lova amene amagona pampando m'nyumba ya eni ake n'kumangosewera magemu. Bwenzi lake Liz watopa nazo ndipo akumusiya. Usiku umenewo Shaun akumwa mpaka kuiwala dzina, ndipo kukucha dziko litatembenuka, akufa akuyenda m'misewu.

Apa ndi pamene pali luso limene sindimatopa kuliona. Kumayambiriro kwa filimu timamutsatira Shaun akuchoka kunyumba kupita kukagolosale ka pafupi, kamera osaduka. Akudutsa mwana wosewera mpira, munthu wotsuka galimoto, wopemphetsa, wothamanga. M'mawa wa tsokalo tikumutsatiranso njira yomweyo, mayendedwe omwewo. Galasi la galimoto ija labooka, zinthu zamwazikana mumsewu, wothamanga uja tsopano akuthawa, wopemphetsa uja wasanduka kale koma akutambasulabe dzanja. Shaun akumuuza kuti alibe tchenji. M'golosale akutsegula firiji imene pachitseko pake pali zidindo za manja a magazi, akuterereka pamagazi, akusiya ndalama pakauntala, n'kubwerera kunyumba osaona kalikonse. Ana a mlongo wanga ankakuwa, "Amalume, kodi ameneyu alibe maso?" Maso ali nawo. Kungoti ngakhale dzulo lake sankaona munthu. Filimu inatisonyeza kale anthu a m'basi ndi a pamzere wa m'sitolo akuyenda mwaulesi, nkhope zili gwaa, asanalumidwe ndi chilichonse. Kusiyana kwa amoyo ndi akufa kunali kochepa moti tsiku loyamba palibe anakuzindikira.

Nthabwala yotere sifuna kuti udziwe Chingerezi cha ku London. Imalowera m'maso. Ndiponso simatha ukaiona kamodzi, chifukwa Wright ndi Pegg anaika zinthu zambiri zoti uzitole paulendo wachiwiri. Usiku umene Liz wamusiya Shaun, Ed akumutonthoza pomuyalira ndondomeko ya mowa umene adzamwe mawa lake, malo ndi malo. Woonera koyamba amangomva za mowa. Wobwereza amazindikira kuti m'mawu amenewo Ed wanena mobisa zonse zimene zichitike mpaka kumapeto. Mawu amene munthu wanena mwachibwana m'mawa amabweranso madzulo atasenza katundu wina. N'chimodzimodzi ndi nthano za agogo pamoto: tonse tinkadziwa kuti Kalulu apulumuka, koma tinkavomera "tili tonse" ndi mtima wonse, chifukwa chokoma chinali njira yake.

Zina n'zongoseketsa basi, ndipo palibe chifukwa chozifunira nzeru zakuya. Shaun ndi Ed akugenda mitembo ndi mbale za galamafoni, koma asanaponye iliyonse akuyamba akangana ngati nyimbo zake n'zoyenera kutayidwa. Gulu lonse la Shaun ndi anzake likuphunzira kuyenda ndi kubuula ngati akufa kuti lidutse pakati pawo, mphunzitsi wake ndi Dianne amene amachita zisudzo, ndipo akuwadzudzula mmodzimmodzi ngati ali pa siteji. Ku Winchester kuja akumenya mwini malo amene wasanduka, ndodo za pulu zikugwa motsatira kugunda kwa nyimbo ya gulu la Queen. Ndipo nzeru yonse ya Shaun yopulumutsira anthu ake ndi yotani? Kukabisala kumalo omwera komwe kuja. Aliyense wa ife ali ndi m'bale amene dziko litati lithe lero, angathamangire pa benchi yake ya masiku onse.

Chimene chimasukulutsa nthabwala zambiri n'chakuti zimatsamira pa za nyengo: nduna imene inali m'nyuzipepala chaka chimenecho, nyimbo imene inavuta mwezi umenewo. Zikaiwalika, nthabwala imafera pomwepo. Shaun of the Dead inatsamira pa zinthu zosasamuka: ulesi, chibwenzi chimene chikuzirala, mnzako wa paubwana amene umamukonda ngakhale akukubweza m'mbuyo, ndi bambo okupeza.

Nkhani ya bambo okupezayi ndi imene inatontholetsa khonde lathu. Shaun sagwirizana ndi Philip, mwamuna wa amayi ake, ndipo aliyense akanena kuti "bambo ako" iye amafulumira kukonza kuti si bambo ake. Poyamba timaseka. Kenaka Philip walumidwa, ali m'galimoto, mpweya ukutha, ndipo akumuuza Shaun kuti kuuma mtima konse kuja ankafuna kuti mwanayo alimbe, ndi kuti ankamukonda. Bill Nighy, amene ndi Philip m'filimumo, amanena mawu amenewa motsitsa, ngati munthu amene wawasunga zaka zambiri. M'midzi mwathu, mmene ana ambiri akulira m'manja mwa bambo kapena mayi owapeza, mwa amalume kapena agogo, palibe amene angaone pamenepa n'kukhala wouma m'maso.

Ndiye pali Barbara, amayi ake a Shaun. Alumidwa m'njira koma sakuuza munthu, abisa bala m'dzanja la malaya, chifukwa sakufuna kuvutitsa mwana wawo. Ine amayi amenewa ndimawadziwa. Ndi amayi athu amene amati "ndi kamutu chabe" pamene thupi latha, amene amakana kupita kuchipatala poopa kuti ndalama ya fizi ithera pa iwo. Barbara akumwalira m'manja mwa Shaun, ndipo podzuka salinso mayi. Mfuti ili m'manja mwa mwana wawo. Filimu imene mphindi zochepa zapitazo inkatigwetsa pansi ndi kuseka sikuthawa pamenepa, sikuponyapo nthabwala yoti itipepuze. Ikutisiya tiyang'ane.

Ena amaona ngati kusakaniza kotere n'kusalemekeza imfa. Ine ndimakana. Amene anagonapo pamaliro kwathu kuno amadziwa kuti usiku wa pasiwa suli kulira kokhakokha. M'nyumba amayi akuimba nyimbo za kwaya, panja abambo azungulira moto, wina akukumbutsa zimene malemu anachita tsiku lina ataledzera, ndipo anthu akuseka mogwira pakamwa. Adzukulu kumanda amaponyerana nthabwala khasu lili m'manja. Palibe amene amati anyoza maliro. Ndi mmene anthu amasenzera chinthu cholemera kuti chisawathyole msana. Amene tinakula m'zaka za m'ma 1990, pamene Edzi inkatipititsa kumanda sabata ndi sabata, tinaphunzira zimenezi tisanathe sukulu ya pulayimale.

George A. Romero, amene anayambitsa mitembo yodya anthu ya pa kanema ndi Night of the Living Dead mu 1968, kenaka Dawn of the Dead mu 1978, anaikonda filimuyi moti anaitana Pegg ndi Wright kuti adzakhale mitembo mu Land of the Dead ya 2005. Anaona kuti anyamatawa sankanyoza ntchito yake. Mitembo yawo ndi yoopsa ndithu, ikagwira munthu imang'amba. Opusa ndi amoyo.

Usiku wa pakhonde uja azakhali anga anakana kuonera nafe. Anati zoonera akufa usiku n'kuitana tsoka, ndipo anakhala potero akusankha nyemba pa nyali ya foni. Koma khutu linali kwa ife, ndipo pofika kumapeto anali ataima kumbuyo kwathu, lichero lili m'manja. Kumapetoko papita miyezi isanu ndi umodzi, asilikali athetsa chipwirikiti, ndipo dziko lapeza chochita ndi mitembo yotsala: ina ikukankha matilole pa sitolo, ina ikuseketsa anthu pa wailesi yakanema. Shaun akutuluka m'nyumba kupita kukashedi ka kuseri. M'menemo muli Ed, wasanduka, unyolo uli m'khosi, akusewerabe magemu.

Azakhali anaika lichero pansi n'kunena kuti, "Ameneyutu ndi ndondocha."

Ananena zoona, ndipo mpaka nthawi imeneyo ine sindinaziganize. Ife sitinadikire azungu kuti atiuze za wakufa amene akuyenda. Tinakula tikumva za ndondocha: munthu amene amati anaphedwa m'matsenga, anthu n'kuika chinthu china m'manda, mwiniwake atadulidwa lilime n'kutsekeredwa m'chipinda chosalowa aliyense, kuti usiku azigwira ntchito m'munda kapena pachigayo cha amene anamukhwimira. Kutsidya kwa Songwe, ku Kyela ndi ku Mbeya, amamutcha msukule, ndipo mafilimu a ku Tanzania amuonetsa kambirimbiri. Chimene chimaopsa pa ndondocha si mano. Ndondocha siluma munthu. Chimaopsa n'chakuti munthu wasandutsidwa chipangizo, akugwira ntchito yosalipidwa, alibe pakamwa podandaulira, ndipo amene wamuchita zimenezi ndi m'bale wake.

Liwu lakuti zombi nalonso linayambira pomwepo. Linamera ku Haiti, pakati pa zidzukulu za anthu amene anatengedwa ku Africa kukalima nzimbe, ndipo akatswiri ambiri amalilondola mpaka ku zilankhulo za ku Congo ndi Angola. Kwa kapolo, imfa inali khomo lokhalo lotulukira. Choopsa kuposa imfa chinali kudzutsidwanso kuti ukapitirize kulima. Filimu yoyamba yaitali ya nkhani imeneyi, White Zombie ya 1932, imaonetsa akufa akuzunguza chigayo cha nzimbe usiku, mmodzi n'kugweramo, anzake osaima. Karonga safunika kuphunzitsidwa za mantha amenewa. Kuno ndi kumene Mlozi, wogulitsa akapolo, anamanga malinga ake ku Mpata n'kumagwira Angonde, mpaka pamene asilikali a Harry Johnston anamugonjetsa n'kumupachika mu Disembala 1895. Anthu amene makolo awo anaona abale akumangidwa magoli n'kusowa osabwereranso sadabwa ndi nkhani ya munthu amene ali moyo kwinakwake koma kwawo anamulira kale.

Nanga n'chifukwa chiyani ndondocha ya ku London timaiseka, pamene ya kwathu timainong'ona? Ndaganizira zimenezi nthawi yaitali, ndipo yankho ndalipeza pa chinthu chimene filimuyi inakana kuchita. Siinena chimene chinayambitsa mliriwo. Nthawi iliyonse wowerenga nkhani pa wailesi yakanema akati afotokoze, wina amasintha tchanelo. Palibe mfiti. Palibe nkhalamba ya kumapeto kwa mudzi imene inayang'ana mwana moipa. Palibe wachigayo amene walemera modabwitsa. Tsoka langogwa ngati mvula, ndipo funso lotsala ndi lakuti anthu achita chiyani: ndani athawa, ndani abwerera kukatenga amayi ake, ndani atsegula chitseko pa nthawi yolakwika. Poti palibe woloza chala, mtima umamasuka kuseka.

Kwathu nkhani ya ndondocha simathera m'malere. Imathera pakhomo pa munthu. Mnyamata akamwalira mwadzidzidzi, mphekesera imayamba pamaliro pomwepo, ndipo dzuwa lisanalowe pali dzina. Kawirikawiri ndi dzina la agogo amene alibe wowateteza, kapena la munthu amene wamanga nyumba ya malata anzake akadali m'zaudzu. Boma la Karonga lamveka kambiri m'nyuzipepala chifukwa cha okalamba omenyedwa, owotcheredwa nyumba ngakhale kuphedwa powaganizira ufiti, ndipo Episkopi wa dayosizi ya Karonga, a Martin Mtumbuka, akhala akudzudzula mchitidwewu poyera kwa zaka zambiri. Lamulo la ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Koma lamulo lili m'buku, chikwanje chili m'manja. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi madera oyandikana nawo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe mwa ophedwawo amene anapezeka ndi dontho la magazi a munthu.

Sindikunena kuti filimu ingachotse chikhulupiriro chimene munthu anayamwira. Azakhali anga sanasinthe maganizo usiku umenewo, ndipo sindinayese kuwasintha. Koma ndimaona kuti pali phindu pamene mwana wa ku Nyungwe kapena ku Ngara aona chinthu chimene amachiopa kwambiri chikupunthwa pa mpanda, chikukodwa pa chingwe, chikulephera kutsegula chitseko. Mantha amene wawasekapo kamodzi sakugwira pakhosi ngati kale. Gulu limene limatuluka m'vidiyo shoo likupukuta misozi ya kuseka silipita kukatola miyala.

Ndipo pali chinanso chimene kashedi kaja kamatembenuza. Ndondocha ya m'nkhani zathu imasungidwa chifukwa cha dyera. Ed akusungidwa chifukwa Shaun walephera kutaya mnzake. Sakumulimitsa, sakumugayitsa chimanga. Akukhala naye pansi, akumupatsa chosewerera, ndipo Ed akafuna kumuluma dzanja iye akungomukalipira pang'ono monga ankachitira kale. Chipinda chotseka chomwecho, unyolo womwewo, koma mtima wina. Amene anasamalirapo m'bale wodwala misala, kapena kholo limene ukalamba walilanda nzeru moti silikuzindikiranso ana ake, amadziwa kukhala pafupi ndi munthu amene alipo koma kulibe. Amadziwanso kuti ngakhale pamenepo pamapezeka choseka, ndipo kusekako sikuchepetsa chikondi.

Mayina a osewera atayamba kukwera pa kanema, azakhali anali chiimire. Anafunsa kuti, "Nanga chakudya akumupatsa?" Ndinawayankha kuti filimu sinanene. Anapukusa mutu, n'kunena kuti munthu ukamusunga uzimudyetsa, ndipo anakoka mpando n'kukhala.

Batire inali itatsala pang'ono. Wamng'ono pa ana aja anandigwira mkono. "Amalume, bwezani paja akupita kugolosale, agogo sanaonepo." Ndinabweza. Shaun anatulukanso pachipata, maso ali pansi, akuyasamula, ndipo asanafike n'komwe pa firiji ya magazi ija, azakhali anali atayamba kale kugwira pakamwa ndi nsonga ya chitenje.